Macheka a ku Malindi

Kunga ng'oma, mnyamata iwe. Iwambe pamoto mpaka chikopa chilire chokha. Kunga mbalule, kunga mpanje, kunga gunda wa mawu a mkango. Lero sititamanda mfumu ya ndodo. Lero sititamanda msilikali wa mfuti. Lero titamanda gombe, titamanda macheka, titamanda mikono imene inasandutsa nkhalango kukhala ngalawa ndi nyanja kukhala msewu. Azimayi, konzani nthungululu. Agogo, senderani kuno, pakuti nkhaniyi ndi yanu.

Malindi! Malindi wa kwa Chowe. Malindi wotsamira mapiri a Namizimu, mapazi ali m'madzi. Malindi woperekeza dzuwa likamamira, pamene a tsidya lija amalilandira likamatuluka. Malindi wopenya Boadzulu, chilumba chimene mbalame zinachipaka njereza. Malindi mlonda wa pakhosi pa nyanja, pamene madzi a ku Karonga, a ku Nkhata Bay ndi a ku Likoma amadzapanikizana pofuna kulowa mu Shire. Malindi wa mwera wothyola nkhafi. Malindi wa mpoto wodzutsa mafunde. Malindi wa vuma wotsika m'phiri tambala atangolira. Malindi chipala cha nyanja, Malindi chipatala cha sitima, Malindi bwalo la nyundo ndi utuchi. Wamng'ono pamapu, wamkulu pamadzi. Wakachetechete lero, waphokoso dzana.

Macheka asanabwere, inalipo nkhwangwa. Macheka asanabwere, kanalipo kasemasema. Nkhwangwa ya Anyanja, yotuluka m'ng'anjo ya makolo, yodziwa mtengo wa bwato ndi mtengo wa mtondo wosinjira. Mtengo umodzi, bwato limodzi. Osema ankagona kuthengo, mudzi wonse n'kudzakoka ndi luzi ndi nyimbo. Ulemu kwa inu, osema mabwato, akuluakulu a amisiri onse a m'gombe muno. Ndinu tsinde, enawa ndi nthambi.

Zinabwera zombo za matanga, za Makanjira, za Jumbe wa ku Nkhotakota, zolumikiza thabwa ndi thabwa mwa luso lochokera ku nyanja ya mchere. Zinali zokongola, tisaname, zinkauluka pamadzi ngati akakowa. Koma m'mimba mwake munali minyanga ndi anthu. Padoko la Mponda panawoloka magoli. Apa ng'oma itsike, mnyamata, igunde ngati mtima wa mayi wolandidwa mwana. Thabwa silisankha chonyamula.

Tsono kweza.

Eni ake a bwalo la Malindi ndani? Funsa mapepala, akuyankha: Universities' Mission to Central Africa, mishoni ya mpingo wa Anglican, mwana wa mfuu imene David Livingstone anafuula ku Cambridge mu 1857. Eni a pepala, eni a chidindo, eni a belu. Nawonso alandire zawo, pakuti sanabwere kudzawothera dzuwa. Alandire zake Bishopu Mackenzie, mbewu yogwa msanga, wofika ku Magomero mu 1861, wogona m'mbali mwa Shire chaka chisanazungulire. Alandire zake Charles Janson, wongoiona nyanja n'kutsinzina mu 1882, amene dzina lake linadzuka n'kuyandama pa sitima yolumikizidwa ku Matope mu 1885. Alandire zake William Percival Johnson, njovu yoyenda yokha, wa maso ofooka oona patali kuposa athu akuthwa, woumirira kuti mpingo wa kunyanja ukhale ndi chiwongolero ndi nangula, woyenda m'magombe zaka zoposa 40, wokagona ku Liuli mu 1928. Alandire zake Chauncy Maples, bishopu wa miyezi iwiri, wodzozedwa ku London mu Juni 1895, womezedwa ndi namondwe pa 2 Sepitembala chaka chomwecho, asanakhale n'komwe pampando wake ku Likoma. Mkanjo unalemera. Nyanja inabweza thupi, mpweya inakana nawo. Nkhotakota inafukula dothi lake n'kumusunga.

Imva tsono, iwe nyanja, iwe ng'ona yosakhuta. Unameza Maples wa mnofu, anakutumizira Maples wa chitsulo, woti ukayesa kumumeza utsamwe.

Sitima ya Chauncy Maples! Mvuu ya ku Glasgow. Mwana wa Alley ndi McLellan, amisiri a ku Scotland. Wobadwa kawiri, woyamba kuyenda asanakhale ndi miyendo. Anakumanga, anakuphwasula, anakulonga, zidutswa 3,481. Unawoloka nyanja ya mchere uli mtolo. Unalowa pa Chinde uli mtolo. Unakwera Zambezi uli mtolo, unakhotera mu Shire uli mtolo. Ndipo Shire anatukula mutu nati, ima pomwepo. Kapichira anati ima. Mpatamanga anati ima. Tedzani anati ima, Nkula anati ima, Kholombidzo anati ima: mathithi osadziwa mzungu, mathithi osagwadira bishopu, mathithi othyola msana wa mtsinje pakati.

Anakudutsitsa ndani? Si Glasgow. Si Cambridge. Si belu, si chidindo. Mitu! Mitu ya amtengatenga, amuna ndi akazi omwe, nkhata pamutu, chitsulo pankhata, dzuwa pachitsulo. Mitu yonyamula nthiti zako. Mitu yonyamula khungu lako. Mitu yosenza chinthu chosachidziwa dzina, kupita nacho kumene sidzachikwera. Ndipo mphika wako wa nthunzi, mtima wako wa matani 11, wokana kugawika, wokana kusenzeka, anaukweza pa ngolo ya mawilo achitsulo, Angoni 450 n'kugwira zingwe. Angoni 450, njati zokoka phiri. Angoni 450, ana a chishango ndi nthungo, lero atakulunga chingwe m'manja. Angoni 450, potsika akubweza, pokwera akukoka, pamtsinje akumira mpaka m'chiuno, dzuwa n'kulowa atangosuntha mtunda woti mwana aupita kukatunga madzi. Pepala linawawerenga. Pepala silinawatchule. Ife tiwatchula ndi ng'oma: inu a Jere, inu a Maseko, inu a Ngozo, inu nonse amene zikhatho zanu zinatsala pa chingwe chija, dzukani mumve.

Apa mundilole ndiseke pang'ono, abale anga. Ku Glasgow anzeru aja analemba nambala pa chidutswa chilichonse, kuti olumikiza asasokere. Kenako anazikuta zonse ndi chitsulo choletsa dzimbiri, manambala n'kukwiririka, psiti! Tangoganizani: zidutswa 3,481 zili mbwee pamchenga, chilichonse chikufanana ndi mnzake, osadziwa nthiti ya kumanja ndi iti, ya kumanzere ndi iti. Nzeru za pepala zinathera pomwepo. Zinatsala nzeru za diso ndi chala: yesa apa, tembenuza, bweza, yesanso. Zaka ziwiri zinapita. Ndipo pa 6 Juni 1901, pa Mponda, mvuu inatsetsereka n'kugwa m'madzi, khuvuu! Mamita 38 a chitsulo, tchalitchi choyandama, sukulu yoyandama, chipinda cha odwala choyandama. Achule anakhala chete. Nkhwazi inalira kawiri.

Koma mvuu ikatopa imafuna dziwe lake. Dziwe lake ndiwe, Malindi.

Ndiwe amene unkamva sitima ikatsokomola. Ndiwe amene unkaigwira pamphumi. Ndiwe wa mvukuto wopuma ngati ng'ombe, wa chipala chofiira ngati diso la kambuku, wa nyundo yoyankhana ndi nyundo inzake mpaka phiri la Namizimu n'kulowerera. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ndiwe wa phula lonunkha, wa tupa yolira, wa chitsulo chozimitsidwa m'madzi, tswii. Ndiwe sukulu yopanda choko. Mwana wa msodzi analowa kwa iwe akudziwa nkhafi yokha, anatuluka akudziwa kumva injini ndi khutu. Mwana wa Myao analowa, mwana wa Mnyanja analowa, wa ku Likoma analowa, wa mtanda ndi wa msikiti anagwira thabwa limodzi, uyu uku uyu uku, pakuti thabwa lolemera silifunsa kumene umapemphera. Ndiwe nyanja ya Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia, mkango wa ku Lungwena pakhomo pako pomwepa, wokagona kutali ku Msoro mu 1913. Ndiwe nyanja ya Yohana Abdallah wa ku Unangu, wolemba mbiri ya Ayao. Ndiwe nyanja ya Augustine Ambali wa ku Msumba, kapolo womasulidwa wosanduka m'busa.

Tsono tafika pa macheka. Mnyamata, usathamange apa. Pano tikhalitsa.

Macheka! Njoka ya mano zana. Ng'ona yachitsulo yodya chammbali. Lilime lalitali losalankhula bodza, pakuti likakhota thabwa limaulula. Macheka osayenda ndi madzi, osayenda ndi moto, oyenda ndi nsima ndi usipa. Macheka a anthu awiri, wina kumwamba, wina kudzenje.

Taonani ntchito yake. Akumba dzenje lakuya msinkhu wa munthu. Agoneka mitanda pakamwa pake. Agubuduza chipika, mapewa ali gwa, mpaka chigone pamitandapo ngati njovu yolasidwa. Asema mbali ndi nkhwangwa kuti chikhale ndi nkhope. Atenga chingwe, achiviika m'makala osinja osakaniza ndi madzi, uyu agwira uku, uyo agwira uko, mmisiri achitukula pakati ndi zala ziwiri n'kuchisiya: thwa! Mzere uli bii, wowongoka ngati chiweruzo cha mfumu yosalandira chiphuphu. Wakumwamba akwera, zala za kumapazi zitaluma khungwa. Wakudzenje atsika, nsanza pamutu. Wakumwamba akweza, wakudzenje akoka. Khwee, khwaa. Khwee, khwaa. Macheka amadya potsika, pokwera amangopuma. Mng'alu ukayamba kuluma chitsulo, akhomeramo kamtengo kuti utseguke. Mano akabuntha, akhala pamthunzi, tupa m'manja, dzino ndi dzino, ili alipotozera kumanja, linalo kumanzere, kuti njira ikule kuposa msana wa macheka. Mmisiri weniweni umamudziwira apa, pa kunola, osati pa kukoka.

Wakumwamba, ulemu wako nawu. Ndiwe diso, ndiwe mwini mzere, ndiwe nkhwazi yoima pansonga. Ukapenya kumbali, thabwa lapita.

Koma wakudzenje, iwe wakudzenje, ng'oma yanga yonse ndaikungira iwe. Iwe wosambira utuchi. Iwe wa mvula yosanyowetsa, yogwa m'maso, m'mphuno, m'makutu, m'khosi. Iwe woikidwa m'manda m'mawa n'kuuka madzulo. Iwe mfuko ya mphamvu, iwe muzu wosaoneka, iwe bingu la pansi pa nthaka. Odutsa m'njira amapatsa moni wakumwamba, iwe amangoona nsonga ya nsanza yako. Koma thabwa lililonse linadutsa pamphumi pako. Benchi ya m'tchalitchi inadutsa pamphumi pako. Chitseko cha sukulu chinadutsa pamphumi pako. Bedi la wodwala, guwa la wansembe, pansi pa ngalawa, bokosi la maliro: zonse zinakugwera m'maso zisanakhale zinthu. Ine ndinaligwirapo thabwa lakale lotere, kuseri kwake kumene sanapale. Mizere ya mano ili apo, yopendekera, yosalingana, pena yothinana pena yotalikirana. Pothinana mpamene munthu anatopa. Potalikirana mpamene anamwa thobwa. Makina sasiya kalata yotere.

Ndipo inu mitengo, mafumu ogwa chiimire, bwerani mulandire.

Mbawa, mkulu wa m'mbali mwa mitsinje, wa mnofu wofiira ngati nyama ya njati, mayi wa mabwato. Mlombwa, wolira magazi akakutema, wosapindika, wosafufuma, wokondedwa ndi kalipentala ndi wosema ng'oma yemwe. Muwanga, wobunthitsa nkhwangwa, woseka chiswe. Tsanya wa kuchigwa, wa makala osazima msanga. Msangu, wamakani, wovula masamba dzinja anzake akuvala. Ndi iwe mkungudza wa pa Mulanje, mwana wa mitambo ya Sapitwa, wonunkhira ngakhale utakalamba padenga, mtengo wa fuko lonse kuyambira 1984, wotsika phiri pamitu ya anthu, thabwa limodzi mutu umodzi. Iwe wekha mlambe unapulumuka, chifukwa mkati mwako ndi chinkhupule. Waima mpaka lero m'gombe la Mangochi, mimba tuu, mboni yonenepa ya maliro a anzako.

Sitima inali ndi njala, abale. Musaiwale. Mvuu ya ku Glasgow sinkadya udzu, inkadya nkhuni. Charles Janson ankadya nkhuni. Chauncy Maples ankadya nkhuni. Gwendolen wa boma ankadya nkhuni. Doko lililonse linali ndi mulu wake, mendulo pa mendulo, zoyalidwa bwino kudikira kulira kwa sitima. Ulemu kwa otema. Ulemu kwa owaza. Ulemu kwa inu amayi, inu a Naphiri, inu a Nabanda, inu a Nambewe, inu achemwali a m'midzi ya Ayao, otsika phiri mtolo pamutu mwana kumsana, olowa m'madzi mpaka m'mawondo kukapatsira ngalawa. Ulemu kwa wosonkhezera moto m'mimba mwa sitima, wakuda bii ndi mwaye, wosaona gombe, wosaona nyenyezi, wodziwa ulendo ndi kutentha kokha. Uthenga unayenda ndi nthunzi, inde. Koma nthunzi inayenda ndi nkhuni, nkhuni zinayenda ndi khosi la mayi. Malipiro ake? Kansalu, kamchere, tindalama tokathera ku msonkho wa nyumba. Ndanena, ndipo sindibweza.

Zaka zinathamanga. Pa 13 Ogasiti 1914 Gwendolen wa Kaputeni Rhoades anakalasa sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, nkhondo ya azungu n'kuyambira pamadzi athu. Tchalitchi choyandama chinavula mkanjo n'kunyamula asilikali. Nyanja inaphwa, Shire anatseka pakamwa kuyambira 1915 mpaka 1935, mchenga ndi bango n'kumera m'njira ya sitima. Mu 1953 mishoni inagulitsa mvuu yake. Anaipatsa makoka, inakoka nsomba. Mu 1967 anaichotsa mtima wa nkhuni n'kuikamo wa dizilo, inanyamula anthu ndi mitolo yawo. Ukalamba wake yaudyera ku Monkey Bay. Nyanja inameza sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 ndi anthu 145, koma Maples wa chitsulo yamulephera.

Kodi macheka anafa? Ayi! Pita ku Mpwepwe ukaone ngalawa zamatabwa zikumera nthiti. Pita m'madoko a kwa Makanjira, a ku Lungwena, a ku Malindi komweko, ukamve nyundo ikulankhula ndi msomali, ukaone mmisiri akutseka mng'alu ndi thonje ndi phula, ana atamuzinga. Ukaone chilimira chikutuluka madzulo, nyali zikuyaka pamadzi ngati mudzi wachiwiri. Ngalawa imeneyo ndi mdzukulu wa dzenje lija. Chambo cha pambale yako chinakwera thabwa chisanakwere galimoto. Chimene chinafa ndi mthunzi. Mbawa wa mikono itatu kuzungulira ukamufuna lero, konza kamba wa ulendo. Mapiri ameta mpala, mitsinje yatsamwa mchenga, ndipo macheka a injini amadya m'tsiku limodzi chimene awiri aja ankadya mwezi. Amalira ngati mavu, alibe wakumwamba, alibe wakudzenje, alibe nyimbo.

Eni ake ndani, ndafunsa kale. Gunda, yankha. Eni ake ndi a chingwe. Eni ake ndi a nkhata. Eni ake ndi a dzenje, a mvukuto, a mendulo, a mwaye. Eni ake ndi mikango yopanda manda odziwika, mitsinje yopanda dzina pamapu, mapiri osenza mapiri anzawo. Eni a pepala anabwera ndi sitima n'kubwerera ndi sitima, ena anagona konkuno. Eni a thukuta sanapite kulikonse. Adzukulu awo ndi awa akuwomba m'manja pabwalo pano.

Ukafika pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, upeza nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria. Upeza mzinga wa Gwendolen. Upeza chikumbutso cha omira ndi Vipya. Dzina la wocheka matabwa supezapo, la wokoka chingwe supezapo. Tsono inu a ku Malindi, inu a kwa Chowe, inu a ku Lungwena, agogo anu akadali ndi mawu, khalani nawo pakhonde madzulo ano. Afunseni kuti bambo awo ankaima kumwamba kapena kudzenje, mulembe dzinalo, mubwere nalo kuno tidzaliimbire ng'oma.